Madzi m'Thanki ya Jipu ya Tatang

Cabaroan, Dingras
20 Januwale 1987

Okondedwa Azakhali Pilang,

Landirani moni wa kuno kumudzi. Ndikhulupirira miyendo yanu ija yayamba kukumverani. Ife tilipo, tikudzuka, tikudya. Musadziimbe mlandu kuti simunabwere. Basi yochokera ku Manila, ndi miyendo yotupayo, ikanangotipatsa maliro achiwiri.

Mwapempha kuti ndikuuzeni zonse, ndiye nazi. Nanang, mayi anga, anagwa Lachiwiri pa 6 akuzula udzu m'munda wa adyo. Pamene tinkafika nawo kuchipatala n'kuti atapita kale. Tinawaika Lolemba pa 12. Bokosi linakwera jipu yathu yomweyi, pakati pa mabenchi pamene timaika matumba a anthu opita kumsika. Anayendetsa ndi Tatang, bambo anga, pang'onopang'ono, ife tikutsatira pansi. Alongo anuwo sanalire, ankangoyang'ana msewu.

M'mawa mwake tinatsikira kumtsinje kukachita gulgol, mwambo wosamba maliro akatha. Mayi achikulire aja, Apo Dorang, popeza ndiwo amasiye aakulu m'mudzi muno, anatentha mapesi a mpunga, phulusa lake n'kulisungunula m'zidebe, ndipo anatitsuka mitu mmodzimmodzi kuti imfa itsike ndi madzi. Atathana nafe anatembenukira kumtunda kumene kunaima jipu.

"Nanga ichi chinanyamula mtembo, chibwerera kunyumba chosasamba?"

Anthu anayang'anana, ena anabisa kuseka. Mukuwadziwa alongo anu ndi jipu yawo. Akaona chithaphwi amatsitsa okwera onse, n'kuyamba kaye ayeza ndi ndodo. Ine ndinadikira kuti akalipe. Koma anangokwera, kuiliza, n'kuilowetsa mumtsinje mpaka madzi anafika pa chopondera. Azimayi anabwera ndi zidebe zawo za madzi a phulusa, kuthira padenga, m'mbali, m'mabenchi.

"Bartolome, mbali yako yoyendetserayi tithirenso?" anafunsa Apo Dorang.

"Thirani paliponse," anatero Tatang.

Tsopano nkhani imene ndakulemberani. Titabwerako ndinatenga pepala kuti ndilembere mchimwene wanga Ceferino, amene timamutchula Manong Inong, ku Saudi. Tatang anaika dzanja pa pepalapo.

"Inong asauzidwe."

"Ndi mwana wawo woyamba, Tatang."

"Ndiye akamva achite chiyani? Pasipoti yake ili m'kabati ya bwana. Tsiku lonse amakhala kunsi kwa malole. Munthu wolira amaiwala kutchinga matayala. Abwera mu Ogasiti, adzamva ali pakhomo pano."

Ndinayesa kukana, koma ndinalibe mphamvu zokangana. Choncho ndizimulembera monga kale. Mukudziwa kuti Nanang sankatha kulemba, mawu awo kwa Manong ndinkalemba ndine kumapeto kwa kalata. Ndizilembabe, ndimawadziwa pamtima. Inunso, chonde, mukamulembera musalakwitse.

Mwafunsa ngati ndikulira. Ayi, azakhali. Ndimaphika mpunga wa anthu atatu, ndikazindikira ndimapatsa nkhumba. Sindikumva kanthu, ngakhale njala.

Mwana wanu,
Meding

*

Cabaroan
2 Febuluwale 1987

Manong Inong,

Muli bwanji kumchengako? Kalata yanu ya Khirisimasi inafika, pamodzi ndi chithunzi chija mwaima pafupi ndi lole. Mwaonda. Ndevu zijanso mumete, mukuoneka ngati wothawa kundende. Tiuzeni ngati chifuwa chija chinatha.

Kuno kulibe zambiri. Adyo akukhwima bwino, tizula kumayambiriro a Malichi. Mvula sinagwe chichokereni Novembala.

Ndakulemberani chifukwa cha jipu. Masiku ano ndikuyendetsa ndine, Tatang akupuma kaye. Musaseke, sindinagunde nkhuku ya munthu ngakhale imodzi. Koma jipuyo yadwala. Inayamba masabata awiri apitawo. Pamalo athyathyathya imayenda bwino, koma ikafika pa chitunda cha kusukulu imafooka. Ndimaponda mafuta mpaka pansi, iyo osamva. Chitunda chimene Tatang amakwera pa giya yachitatu, ine ndinayamba kukwera pa yachiwiri, kenako pa yoyamba. Imatsokomola, imadumphadumpha, kumbuyo kumatuluka utsi woyera.

Lachisanu lapitali inazimira pakati pa chitundacho, nditanyamula azimayi khumi ndi anayi ndi mabasiketi awo a tomato. Ndinaponda mabuleki ndi miyendo yonse iwiri. Apo Dorang, ali kumbuyo, anakuwa:

"Meding, ngati ukufuna kutipha, yamba wandibwezera chenji changa!"

Anatsika onse, kukankha. Inalira pang'ono, tinafika pamwamba, n'kuzimanso. Kuyambira pamenepo sinalirenso. Tinaikoka ndi njati ziwiri zoweta za a Berting mpaka pakhomo, ana asukulu akutiimbira nyimbo m'mbuyo.

Ndikatembenuza kiyi, sitata imazungulira mwamphamvu ndithu, koma injini siigwira. Nthawi zina imachita ngati ikufuna, kenako zii. A Berting, aja okonza njinga zamoto, akuti ndi batire. Mwamuna wa Saling, woyandikana nafe uja, akuti ndi pampu, tikagule ina ku Laoag. Aphunzitsi aakulu akuti injini yangokalamba. Aliyense wodutsa amasuzumira m'boneti, kugwedeza mutu, kumwa khofi wathu, n'kumapita.

Ndiuzeni choti ndichite, Manong. Mulembe ngati mukulembera mwana, musandiuze mayina a m'buku. Adyo akazulidwa ayenera kupita kumsika, ndiponso anthu a kuno alibe galimoto ina.

Nanang akuti muzidya masamba, musamangodya nkhuku za m'firiji. Akuti mukamagona muzivala malaya, ndipo akukupemphererani tsiku lililonse.

Mlongo wanu,
Meding

*

Dammam, Saudi
20 Febuluwale 1987

Ading Meding, mlongo wanga wamng'ono,

Kalata yako yandipeza ndili bwino. Chifuwa chinatha, ndevu zilipobe, ndipo zikhalapo mpaka amene akudana nazo abwere adzamete yekha. Lero ndi Lachisanu, sitigwira ntchito, ndiye ndakhala pansi ndi jipu yanuyo m'mutu.

Ndaseka za njati. Anzanga a m'chipinda muno akuti ndikufunse ngati njatizo zinalipiritsa azimayi aja mtengo wonse kapena theka.

Batire lisiyeni, lilibe mlandu. Wanena wekha kuti sitata ikuzungulira mwamphamvu. Batire lakufa limangoti tche, basi. A Berting uwapatse moni, uwauze azikonza njinga zawo. Pampu musagule. Munthu sagula pampu asanadziwe chimene chavuta, ndipo yathuyo ndinaikonza ndekha ndisananyamuke.

Injini ya dizilo ili ngati iwe ndi ine, imangofuna kupuma ndi kudya. Ikayamba kufooka pa chitunda ndiye kuti chimodzi mwa ziwirizi chikuperewera. Utsi ukanakhala wakuda ndikanati ikubanika, sefa ya mpweya yadzaza fumbi. Uitsegulebe uone, ndi chibekete chachikulu chija chili ndi nati ya mapiko pamwamba. Koma utsi woyera, kutsokomola ndi kudumphadumpha, zimenezo zimandiuza kuti vuto lili ku chakudya. Mwina mafuta sakufika okwanira, mwina akufika ndi china chake chimene si mafuta.

Uchite izi. Upeze mabotolo awiri oonekera mkati, uwatsuke, aume kwenikweni. Kumanzere kwa injini kuli sefa ya mafuta, yooneka ngati chitini cha mkaka. Kunsi kwake kuli kabawuti kakang'ono. Utchere botolo, umasule kabawutiko, uzikanikiza kapampu ka pamwamba pake mpaka botolo lifike pakati. Ukatero ulowe kunsi kwa jipu, koma uyambe watchinga matayala ndi miyala, ndikunenetsa. Pansi pa thanki pali bawuti ina yaikulu. Uimasule pang'ono chabe, udonthetsere m'botolo lachiwiri, umangenso. Mabotolo onse awiri uwaike pa tebulo kwa ola limodzi osawagwedeza. Kenako uyang'ane pansi pake, undilembere chilichonse chimene waona, mtundu wake, kuchuluka kwake, ngakhale chimene ukuganiza kuti n'chopanda ntchito.

Undiuzenso kumene ukugula dizilo. Ngati wayamba kugula wa m'migolo ya m'mbali mwa msewu, vomera, sindikumenya, ndili kutali. Nanga chitsekerero cha thanki chija chinatayika, munagula china, kapena mukutsekabe ndi malaya anga akale? Pakamwa pa thankiyo pali pambali penipeni pa mpando wa woyendetsa, chilichonse chothiridwa pamenepo chimalowa.

Pakali pano leka kuitembenuza kiyi, ndipo usalole anthu kuikankha. Mukuiwonjezera matenda.

Koma Ading, chinthu chimodzi chandidabwitsa. Zonse ndalembazi ndinaphunzira kwa Tatang. Iwo amamva vuto la injini ali kuseri kwa nyumba akusamba. Zatheka bwanji kuti jipu ikokedwe ndi njati, a Berting azisuzumira m'boneti, iwo ali pompo? Ukuti akupuma. Akupuma chiyani? Chibadwire changa sindinawaonepo akupuma. Ndiponso kalata iliyonse amalembamo mizere yawo iwiri ija pansi, ya matayala ndi oyilo. M'kalata iyi mulibe. Ngati akudwala undiuze, ndine wamkulu.

Uwauze Nanang kuti masamba ndikudya, tinadzala therere m'zitini kuseri kwa galaja. Ndawagulira nsalu yobiriwira ya maluwa ang'onoang'ono, ndidzabwera nayo ndekha mu Ogasiti. Asandifunse mtengo.

Manong wako,
Inong

*

Cabaroan
9 Malichi 1987

Manong Inong,

Moni. Tilipo. Adyo tazula, tawamanga m'mitolo, ali pakhonde. Ena tatumiza kumsika pa ngolo.

Ndachita zonse monga munanenera. Matayala ndinatchinga. Sefa ya mpweya ili ndi fumbi pang'ono, ndinaikuntha, kuwala kukudutsa. Dizilo ndimagula pamalo omwe aja a ku Dingras pamene Tatang amagula, wa m'migolo sindinagulepo. Chitsekerero sitinagule, tikutsekabe ndi malaya anu. Mvula sinagwebe.

Botolo loyamba, la ku sefa: pamwamba pali dizilo, pansi pali madzi. Malire ake akuoneka bwinobwino. Madziwo ndi okwana zala zitatu, otuwa.

Botolo lachiwiri, la ku thanki: poyamba panatuluka madzi okhaokha, dizilo anabwera pambuyo. Madzi ake ndi otuwa kwambiri, ngati otsukira mbale. Pansi penipeni pakhazikika zinthu zakuda, tizidutswa titalitali ngati ta udzu wopsa. Ndinatsanulira pa nsalu, ndinatikanda ndi zala. Tinasanduka phulusa.

Munati ndilembe chilichonse, ndiye ndalemba.

Za Tatang, kalata yanu ndinawawerengera. Sindingathe kukuyankhirani mafunso amene munawafunsa iwowo.

Nanang akuti zikomo chifukwa cha nsalu.

Meding

*

Cabaroan
10 Malichi 1987

Azakhali Pilang,

Moni, ndikhulupirira muli bwino. Ndilemba mwachidule, wa makalata akudutsa masana ano.

Jipu inafa kumapeto kwa Januwale, ndipo Manong akuikonza kudzera m'makalata. Anandiuza kuti ndikhe mafuta a pansi pa thanki m'botolo. Mwatuluka madzi a gulgol, azakhali, ndi phulusa la Apo Dorang lomwe. Analowera pa chisanza chimene timatsekera thanki. Ndinakhala pansi pafupi ndi tayala, botolo lili m'manja, sindikudziwa kwa nthawi yaitali bwanji.

Ndinapita nalo kwa Tatang. Masiku ano amakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa, chipewa chili pa bondo. Jipu ili pamaso pawo pomwepo, koma chichokereni kumtsinje kuja sanaikhudzepo.

"Tatang, taonani zimene zatuluka m'thanki."

Anayang'ana botololo. "Eya," anatero.

"Ndimuuze chiyani Manong?"

"Adyo aja uwatembenuze, mbali imodzi ikupsa ndi dzuwa."

Ndiye dzulo ndamulembera Manong zonse zimene zili m'botolo. Tatang anandiletsa kunena za Nanang, za botolo sanandiletse. Manong si wopusa, anatsukidwapo mutu pamtsinje womwewo pa maliro a agogo. Mwina ndalakwa. Koma ndatopa, azakhali. Nthawi iliyonse ndikalemba kuti "Nanang akuti", ndimaika cholembera pansi kaye. Wawagulira nsalu yobiriwira, ndipo ine ndamuthokozera.

Mwana wanu,
Meding

*

Dammam
27 Malichi 1987

Okondedwa Nanang,

Kalata iyi ndi yanu. Meding, uwawerengere pang'onopang'ono, usadumphe mawu ngakhale amodzi.

Nanang, ndadziwa. Musamukalipire Meding, sanandiuze kanthu. Wandiuza ndi jipu.

M'thanki muli madzi, chikhalirecho mvula sinagwe kwa miyezi inayi. Dizilo ndi wa pamalo abwino. Ndiye madziwo anachita kuthiridwa, ndipo anali ambiri. M'madzimo muli phulusa la udzu. Ndinayamba ndaganiza za munthu wanjiru, koma wanjiru amathira mchenga kapena shuga, sataya nthawi kutentha mapesi. Kwathu madzi a phulusa la mapesi a mpunga ali ndi ntchito imodzi yokha. Jipu yathu inapita ku gulgol, ndipo inasambitsidwa chifukwa inanyamula bokosi la m'nyumba mwathu.

Nditafika pamenepo ndinadzifunsa kuti ndani. Sizinanditengere nthawi. Tatang ali moyo, palibe munthu angayandikire jipu ija ndi chidebe. Tatang ali moyo, akanamva madziwo tsiku loyamba, injini isanatsokomole kawiri. Meding sakanagwira chiwongolero, a Berting sakanatsegula boneti, ndipo mizere iwiri ija ikanakhalapo pansi pa kalata. Meding analemba kuti akupuma. Ndamva tsopano kupuma kwake.

Kalata ya Meding ndinailandira Lolemba pa nthawi ya chakudya chamasana. Ndinaiwerenga, ndinaipinda, ndinamaliza kudya, ndinabwerera kukamanga giyabokosi ya lole. Ndinaimanga bwino. Ndakhala ndikudikira kuti ndilire, koma sizikubwera. Ndimangoona ngati ndikuonera munthu wina akugwira ntchito ndi manja anga. Ndinapita kuofesi kukapempha pasipoti. Anandifunsa kuti maliro ali liti. Ndinati sindikudziwa, mwina Januwale. Anandiyang'ana, ine n'kutuluka.

Sindikudziwa kuti ndiwalire bwanji, Nanang. Inu mukudziwa mmene tinkakhalira ine ndi Tatang. Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri ndinamanga bawuti mopitirira mpaka inaduka, anandigoneka panja pafupi ndi jipu, inu munandibweretsera chofunda mobisa. Ndinakonza injini yonse ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, inalira kamodzi n'kamodzi, iwo anangoti, "Wasiya sipanala pansi." Tsiku limene ndinkanyamuka munalira mpaka ku basi, iwo anandiuza kuti chitseko cha jipu ndatseka mwamphamvu. Zaka ziwiri ndi theka ndili kuno, sanandifunsepo ngati ndili bwino. Matayala ndi oyilo basi. Komabe ndikagwira injini ya munthu kuno, ndimatchera khutu monga ankachitira iwo, mutu utapendekera kumanzere. Ndinkafuna kuti ndikabwera adzandione ndikugwira ntchito, mwina akanati kanthu.

Ndinena chinthu chimodzi choipa, Mulungu andikhululukire, inunso mundikhululukire. Pamene ndinazindikira kuti kunyumba kwagwa maliro, ndisanadziwe kuti ndi a ndani, mtima unaima. Nditazindikira kuti ndi Tatang, ndinapuma. Ndinathokoza kuti mwatsala ndinu. Izi ndikhoza kuzisenza mpaka Ogasiti. Mukanakhala inu, Nanang, sindikudziwa ngati ndikanatulukamo kunsi kwa lole ija.

Muzidya. Musamapite kumunda dzuwa likakwera, Meding apeze aganyu. Ndikabwera sindibwereranso kuno, jipu ndidzayendetsa ndine.

Meding, izi ndi zako. Ukhuthule thanki yonse, ndipo ngati a Berting angakuthandize muitsitse, muitsuke ndi dizilo woyera, iume padzuwa. Sefa ya mafuta ugule yatsopano. Mapaipi uwapemerere. Ukamanga zonse uthire dizilo, umasule kabawuti ka pamwamba pa sefa, upope mpaka thovu lithe. Kenako umasule pang'ono manati anayi a mapaipi olowa mu injini, wina atembenuze kiyi mpaka dizilo atuluke, umange. Ikakana, ndiye kuti madzi achititsa dzimbiri mu pampu, undilembere. Ugule chitsekerero. Undiuzenso tsiku limene anamwalira, chimene chinawatenga, ndi mbali ya manda imene munawaika.

Mwana wanu,
Inong

*

Cabaroan
14 Epulo 1987

Ceferino,

Ngati kalata iyi yakupeza kuntchito, ipinde. Ukawerenge kuchipinda, utakhala pansi.

Ndine bambo ako ndikulemba. Dzanjali ukulidziwa.

Kalata yako inafika Lachisanu. Meding anaitsegula, anawerenga mizere yoyamba, anaiika pa bondo langa n'kupita kumunda. Sanabwere mpaka dzuwa litapendeka. Ndinaiwerenga ndekha, kawiri, popanda kudumpha mawu.

Za madzi walondola. Za phulusa walondola. Palibe makaniko wa ku Laoag akanazipeza atakhala kutali chonchi, ndi mabotolo awiri okha. Jipu inalowadi mumtsinje. Amene anailowetsa ndine, ndipo amene anauza azimayi kuti athire paliponse ndine. Chisanza chija ndinachiona chikunyowa. Pobwerera ndinaimva injini ikudumpha pa mlatho, ndinadziwa kuti yamwa madzi. Masiku onsewa ndakhala ndikudziwa. Inali ntchito ya theka la tsiku. Ndinkati ndichita mawa, kukacha ndinkapezeka ndakhala pansi pa mango, ndipo manja sankafuna kunyamuka. Mlongo wako anakwera chitunda chija ndi anthu khumi ndi anayi pa galimoto imene ndinkadziwa kuti izima. Ndinamuona akunyamuka.

Loweruka ndinatsitsa thanki. Ndinatsatira mmene unalembera, sindinapeze choti ndisinthe. Pampu yapulumuka. Inalira pa kiyi yachitatu. Chitsekerero tagula.

Amene analetsa kuti uuzidwe ndine. Meding anakana, ndinamukakamiza. Mawu onse a mayi ako amene walandira chaka chino analemba ndi iye, ine nditamutuma. Usamusungire chakukhosi.

Zimene walemba za ine ndaziwerenga. Za bawuti ija ndikuzikumbukira, kunali kozizira. Za sipanala sindikuzikumbukira, koma ndi mawu anga ndithu. Sindikutsutsa chilichonse. Chinthu choipa chija wanena, si choipa. Inenso ndikanafunsidwa ndikanasankha chimodzimodzi.

Wafunsa tsiku, chimene chinachitika, ndi mbali ya manda. Linali Lachiwiri pa 6 Januwale, m'munda wa adyo, cha m'ma teni koloko m'mawa. Adokotala akuti mtsempha wa m'mutu unaphulika, sanamve kuwawa nthawi yaitali. Tinawaika kumbali ya kum'mawa, pafupi ndi agogo ako.

Ndi mayi ako, Inong. Amene watsala ndine.

Bambo ako,
Bartolome Cabulagan